Chithunzi chokongola pa sikirini koma chonyansa papepala: fufuzani izi musanaimbe foni

Nyengo ya maukwati ikangofika, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, foni yanga sipuma. Oimba ndi osiyanasiyana, wina ali ku Area 25, wina ku Kawale, wina ali ndi kasitudiyo kake cha ku Malangalanga, koma madandaulo ndi omwewomwewo. "Achimwene, pulinta yapenga, zithunzi zonse zada." "Bambo, mkwatibwi watuluka ngati amudzoza katondo kumaso." Pakamwa pandiuma n'kufotokoza chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku, ndiye ndati ndilembe kuti ndizingotumiza.

Ntchito yanga ndi kuyeza masikirini ndi mapulinta n'kupanga profile. Koma ndinene mosabisa, ngakhale ndikudziphera ndekha malonda: ambiri ondiimbira safunika profile yatsopano. Vuto lawo amatha kulikonza okha, osatulutsa ngakhale tambala.

Kwa amene sakudziwa, profile ndi kafayilo kakang'ono kamene kamauza kompyuta mmene pulinta inayake, ya inki inayake, imatulutsira mitundu pa pepala linalake. Dongosolo lake linakhazikitsidwa ndi bungwe la International Color Consortium, lomwe makampani ngati Adobe, Apple, Kodak ndi Microsoft anayambitsa mu 1993, n'chifukwa chake mumamva anthu akuti ICC profile. Gwiritsitsani mawu atatuwo: pulinta, inki, pepala. Chimodzi chikasintha, profile ija yatha ntchito.

## Choyamba, nthawi zonse: nozzle check

Musasinthe kalikonse pa chithunzi musanapulinte nozzle check, tsamba loonetsa ngati ma nozzle, timabowo totulutsa inki, atsekeka. Imapezeka pa Maintenance mu driver, pulogalamu yoyendetsa pulinta pa kompyuta, imadya pepala wamba limodzi basi. Yang'anani timizere ta mtundu uliwonse pamalo owala. Pakaduka ngakhale pang'ono, vuto lanu lili pamenepo, ndipo zonse zili m'munsizi zidikire kaye. Pa mapulinta a mitundu 6 ngati Epson L805 ndi L1800, yang'anitsitsani light cyan ndi light magenta komanso yellow, chifukwa timizere take ndi tosaoneka bwino, koma ndi mitundu imene imapanga khungu la munthu.

## Zithunzi zikutuluka zakuda kuposa mmene zilili pa sikirini

Ili ndiye dandaulo lalikulu, ndipo kawirikawiri pulinta imakhala ikunamiziridwa.

1. Sikirini yawala mopitirira. Masikirini amachoka kufakitale atakwezedwa kuti azikopa maso m'sitolo, ambiri pa 250 cd/m² (muyezo wa kuwala kwa sikirini) kapena kuposa. Wokonza zithunzi zoti zipulintidwe amafunika pakati pa 80 ndi 120. Sikirini ikawala kwambiri, inuyo mumaona ngati chithunzi chili bwino, mwinanso mumachidetsako, pamene fayiloyo ndi yakuda kale. Pulinta imangonena zoona. Yesani chonchi: tsegulani tsamba loyera pa sikirini, gwirani pepala la zithunzi losapulintidwa pambali pake masana. Ngati sikirini ikuoneka ngati tochi poyerekeza ndi pepalalo, itsitseni mpaka ziyandikane. Masiku awiri oyamba mudzaona ngati sikirini yafa. Pirirani, maso amazolowera.

2. Mumakonza zithunzi mumdima. Ambirife timagwira ntchito usiku, nthawi zina magetsi atazima tikungodalira batire ya laputopu. M'chipinda chamdima chilichonse cha pa sikirini chimaoneka chowala. Komanso malaputopu ambiri amasintha okha kuwala mukachotsa chaja. Zimitsani zodzisinthira zokhazo, ndipo muzikonza zithunzi pa kuwala kofanana tsiku lililonse.

3. Mukuonera chithunzi pamalo olakwika. Sikirini imatulutsa kuwala kwake, pepala limadalira kuwala kwa pamalopo. Chithunzi choonera pansi pa kababu kofooka ka m'situdiyo chidzaoneka chakuda ngakhale chitapulintidwa ku Japan. Muyezo wa osindikiza, ISO 3664, umati zithunzi zizionedwa pa kuwala kofanana ndi kwa masana, kotchedwa D50, kwa 5000K. Ngati mulibe nyale yotero, tulukani pakhonde cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa, pamthunzi, osati padzuwa.

4. Mwasankha mtundu wa pepala wolakwika mu driver. Media Type ndiyo imalamula kuchuluka kwa inki yothira. Ikasemphana ndi pepala lili mu pulinta, inki imachuluka kapena kuchepa, malo akuda n'kusanduka phala.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa pali nkhani yathu ife ojambula kuno. Makasitomala athu ambiri ndi akhungu lakuda, ndipo mkwati amavala suti yakuda, ataima pafupi ndi mkwatibwi wa diresi yoyera mbee, padzuwa la Okutobala. Sikirini yabwino imasiyanitsa kuwala ndi mdima pafupifupi 1000:1. Pepala silifika ngakhale theka la pamenepo, ndipo la matte, losanyezimira lija, limatsalira kwambiri. Ndiye tsitsi, kolala ya suti ndi mthunzi wa pansi pa chibwano, zomwe pa sikirini mumazisiyanitsa bwinobwino, papepala zimaphatikana kukhala chinthu chimodzi chakuda bii.

Dziwani pamene pulinta yanu imayambira kuona. Mu Photoshop pangani timabokosi totsatizana, koyamba RGB 0, kenako 5, 10, 15, mpaka 40. Pulintani pa pepala lanu la masiku onse, liume, muone bokosi loyamba limene mukulisiyanitsa ndi lakuda kwenikweni. Nambala imeneyo ilembeni pakhoma. Chilichonse chofunika pankhope ya munthu chisatsike kufika pamenepo. Koma chonde, kukweza mithunzi sikutanthauza kuyeretsa anthu. Ndaona ma album amene agogo a kwa Chadza atuluka otuwa ngati adwala miyezi itatu. Kwezani Shadows pang'ono, Exposure ya chithunzi chonse isiyeni.

## Nkhope zafiira, zapinki kapena zabiriwira

1. Nozzle yatsekeka. Mtundu umodzi ukasowa, mnzake wotsutsana nawo amalamulira. Cyan ikasowa chithunzi chimafiira, magenta ikasowa chimabiriwira, yellow ikasowa chimapita ku buluu. Bwererani ku nozzle check pamwamba paja.

2. Mitundu ikuyendetsedwa kawiri, kapena palibe akuiyendetsa. Apa ndi pamene anthu odziwa ntchito amagwera. Woyendetsa mitundu ayenera kukhala mmodzi: Photoshop kapena pulinta. Mukasankha Photoshop Manages Colors n'kuika profile ya pepala, pitani mu driver mukazimitse za pulinta. Pa Epson sankhani Off, No Color Adjustment, ndipo pa Canon, pa Matching sankhani None. Mukaiwala, onse awiri amakonza chithunzi chimodzi, ndipo nthawi zambiri chimatuluka chapinki. Mukazimitsa konsekonse, nthawi zambiri chimatuluka chakuda chobiriwira. Lightroom ndi chimodzimodzi: pa Print Job, mukasankha profile, driver izimitsidwe.

3. Profile si ya pepala limenelo kapena inki imeneyo. Profile imene imabwera ndi pulinta inapangidwira inki ya kampaniyo ndi mapepala a kampaniyo. Ambirife timagula inki ya m'mabotolo osalembedwa bwino ndi mapepala a mtundu uliwonse amene apezeka ku Old Town sabata imeneyo. Sindikukudzudzulani, mitengo ndikuidziwa. Koma musayembekeze kuti profile ya Epson Premium Glossy idziwa pepala limene sinalionepo. Apa ndiye pamene profile yopangitsa imagwira ntchito yake.

Cholakwika china chofala: kusankha sRGB, muyezo wamba wa mitundu ya mafayilo a zithunzi, kapena profile ya sikirini pamalo pa Printer Profile. Pamenepo pamafunika profile ya pepala basi.

4. Sikirini ndiyo yapotoka. Onani ngati Night light ya Windows kapena Night Shift ya Mac ili yoyaka. Imachititsa sikirini kukhala yachikasu madzulo, inu n'kumathira buluu pa chithunzi chomwe chinali bwino. Sikirini yakale nayo imapendekera mtundu umodzi pang'onopang'ono, mwiniwake osazindikira. Malaputopu otchipa ambiri ali ndi sikirini ya TN, imene imasintha mtundu mukangoweramitsa mutu. Ya IPS ndiyo yoyenera ntchito yathu.

5. Vuto linalowa pojambula. Tenti yofiira kapena yabuluu imapaka mtundu wake pankhope za onse okhala pansi pake. Kapinga wa m'magadeni a maukwati amaponya zobiriwira pansi pa chibwano. M'holo mumakhala mababu achikasu, machubu oyera, ndi kuwala kwa pawindo, zonse pamodzi. Izi pulinta singakonze. Jambulani RAW, fayilo yosakonzedwa ndi kamera, ndipo muziyenda ndi grey card, kakhadi kotuwa koyezera mtundu wa kuwala.

Njira yachidule yodziwira wolakwa: pulintani chithunzi choyesera chodziwika, chosakonzedwa ndi inu, cha mtundu umene opanga mapepala ndi zida zoyezera amapereka ulere pa intaneti. Chikatuluka bwino, pulinta ilibe mlandu, vuto lili pa sikirini kapena pa kakonzedwe kanu.

## Chitenje chazilala, mitundu yafooka

Pa chinkhoswe banja lonse lasoketsa chitenje chimodzi, chofiira moto kapena chabuluu wowala, ndipo mayi a mkwatibwi akuchidziwa bwino chifukwa anasankha okha. Chikatuluka chozilala adzakuuzani pamaso.

- Mwatumiza fayilo ya Adobe RGB kapena ProPhoto RGB, miyezo ina ya mitundu, kwa opulinta amene makina awo amayembekeza sRGB. Ichi ndicho chofala kwambiri kwa amene amakapulintitsa kwina. sRGB inapangidwa ndi HP ndi Microsoft mu 1996, ndipo makina ambiri amangoganiza kuti fayilo iliyonse ndi yotero. Adobe RGB ya 1998 ndi yotakata, koma ikawerengedwa ngati sRGB mitundu imafooka. Ngati dzina la fayilo yochokera mu kamera likuyamba ndi kamzere kapansi, monga _DSC pa Nikon kapena _MG pa Canon, kamera yanu ili pa Adobe RGB. Potumiza gwiritsani Convert to Profile kupita ku sRGB. Osati Assign Profile: imeneyo imangosintha dzina, manambala osawatembenuza, ndiye mitundu imasokonekera.
- Mtunduwo pepala silingaukwanitse. Buluu wowala, pepo ndi zobiriwira zonyezimira zimaoneka pa sikirini koma inki sifikapo. Mu Photoshop pitani pa View, Proof Setup, Custom, sankhani profile ya pepala, muone chithunzi mmene chidzatulukire. Shift+Ctrl+Y imakuonetsani malo amene apitirira malire. Mu Lightroom dinani S muli mu Develop.
- Rendering intent, njira imene pulogalamu imasinthira mitundu yomwe pepala silingaikwanitse. Yesani Perceptual ndi Relative Colorimetric pa chithunzi chomwecho, Black Point Compensation ili yoyaka. Palibe yopambana nthawi zonse. Ine pa zitenje zowala ndimayamba ndi Perceptual chifukwa imasunga maluwa a nsalu kuti asaphatikane.
- Pepala la matte. Silingafanane ndi glossy kapena lustre pa kuwala kwa mitundu. Muuzeni kasitomala asanasankhe.
- Mwapulinta kumbuyo kwa pepala. Musaseke, zimachitika, makamaka pa matte.

## Sabata yatha zinali bwino, lero zasintha

Dzifunseni chimene chasintha, ndipo mudziyankhe moona.

1. Inki. Mwathira botolo la mtundu wina pamwamba pa yakale. Kusinthaku sikuoneka tsiku lomwelo, chifukwa inki yakale imakhala ikadali m'mapaipi. Mitundu imayamba kusuntha pakapita masiku, inu mutaiwala kale kuti munathira china. Mukapeza inki yokuyanjani, gulani yambiri ya ulendo umodzi, mulembe tsiku lothira.
2. Pepala. Paketi yofanana kunja sikutanthauza pepala lofanana mkati, makamaka pa mapepala opanda dzina lodziwika. Ikani latsopano pambali pa lakale padzuwa, muone ngati kuyera kwake kukufanana.
3. Driver yabwerera pa zoyambira. Windows ikadzikonza, kapena mukalumikiza pulinta pa USB ina, zosankha zanu zimatha kufufutika. Sungani zosankha za pepala lililonse ngati preset mu driver, muzijambulenso ndi foni.
4. Simunadikire kuti chiume. Inki ya dye imasintha mtundu kwa maola angapo ikatuluka. Musaweruze chithunzi chikadali chofunda.
5. Chinyezi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mapepala osiyidwa poyera amamwa chinyezi, amapindika, ndipo inki imachedwa kuuma. Asungeni mu pulasitiki yake yotseka, pashelefu, osati pansi pa simenti.

## Mizere yopingasa pa chithunzi

Iyi si nkhani ya mitundu kwenikweni, koma anthu amaibweretsa kwa ine, ndiye mwachidule.

Kawirikawiri ndi nozzle. Ngati nozzle check ili bwino, zimitsani High Speed, kwezani Quality, kenako chitani Print Head Alignment. Onaninso kuti inki sinatsike kupyola mzere wapansi wa thanki, chifukwa mpweya ukalowa m'mapaipi mizere imabwera n'kumapita. Mapulinta ena a mathanki ali ndi kaloko kotsekera inki ponyamula, ndipo ndaonapo munthu atakonzeka kugula hedi yatsopano, kachida kopopera inki papepala, pamene anangoiwala kutsegula kalokoko atabwera kojambula ku Salima.

Zinthu ziwiri zimapha mahedi mu Lilongwe muno. China ndi fumbi la chilimwe: pulinta ikapuma ivundikireni, ngakhale ndi chitenje chakale. China ndi kuzima kwa magetsi pulinta ili pakati pa ntchito, hedi n'kutsala panjira osabwerera pamalo pake pamene imatsekeka kuti isaume. Magetsi akabwera iyatseni msanga ibwerere. Iguliireni ka UPS, kabatire kosunga magetsi akazima, ndipo muzizimitsa ndi batani lake, osati kuzula pakhoma. Ntchito ikasowa, pulintanibe kanthu kamitundu yonse kamodzi kapena kawiri pa sabata.

## Chithunzi cha black and white chikutuluka chobiriwira kapena chapepo

Pulinta yopanda inki yotuwa, monga L805 ndi L1800, imapanga kutuwa posakaniza cyan, magenta ndi yellow. Mtundu umodzi ukangochuluka pang'ono, diso limaona msanga. Ngati nozzle zili bwino ndipo woyendetsa mitundu ndi mmodzi, apa profile yopangitsa imathandiza kwambiri, ngakhale singafike pa pulinta yokhala ndi inki zotuwa ngati Canon PRO-200.

Ngati chithunzi chili bwino pakhonde koma chikubiriwira pansi pa chubu cha m'sitolo, pulinta isiyeni. Ndi khalidwe la inki pa kuwala kosiyana, ndipo profile singalithetse. Mapepala oyera kwambiri nawo amakhala ndi mankhwala owalitsa, otchedwa OBA, amene amaoneka abuluu padzuwa ndipo amafooka pakapita zaka, pepala n'kuyamba chikasu. Pa chithunzi choti chikapachikidwe pabalaza zaka zambiri, sankhani pepala losayera mopambanitsa.

## "Koma pafoni panga sichinali chonchi"

Mafoni ambiri amakometsera mitundu, ndipo amawala kuposa pepala lililonse. Palibe chokonza pa pulinta apa. Musanapulinte chachikulu cha pa fulemu, tulutsani kakang'ono ka 4x6 pa pepala lomwelo, kasitomala akaone ndi maso, avomere. Akamakutumizirani chithunzi pa WhatsApp, auzeni atumize ngati Document, chifukwa njira wamba imachifinya.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana wodziwa

Kwa wokonza mapulinta:

- Mwachita Head Cleaning katatu nozzle check osasintha. Imani. Izimitseni igone usiku wonse, muyesenso m'mawa. Kuchapa mobwerezabwereza kumangomwa inki n'kudzaza thonje la inki yotayika. Power Cleaning ya Epson imafuna kuti thanki iliyonse ikhale ndi inki yosachepera gawo limodzi mwa atatu, ndipo pamafunika maola 12 musanaibwereze. Ikakanika imeneyo, nyamulani.
- Mipata ya pa nozzle check ikusuntha malo ulendo uliwonse. Nthawi zambiri ndi mpweya kapena pampu, osati kutsekeka.
- Mtundu wina ukulowa mwa unzake, monga yellow kuoneka yakuda.
- Pulinta yalemba kuti ink pad, thonje la inki yotayika lija, yatha. Kungoifufuta ndi pulogalamu thonje osasintha, inki idzatayikira patebulo.
- Mwathira inki mu thanki yolakwika. Musapulinte ngakhale tsamba limodzi.
- Fungo la kupsa, kapena hedi ikugunda pepala.

Ndipo chonde, jakisoni wa spirit m'hedi ayi. Hedi ya mapulinta amenewa mtengo wake ndi wokwera kwambiri.

Kwa woyeza mitundu, bwerani ngati nozzle check ili yoyera, sikirini mwaitsitsa, woyendetsa mitundu ndi mmodzi, koma chithunzi choyesera chija chikutulukabe chopendekera mtundu umodzi. Bweraninso ngati mwakhazikika pa inki ndi pepala zosakhala za kampani ya pulinta yanu, kapena muli ndi mapulinta awiri amene mukufuna kuti azitulutsa zofanana. Ngati mumasintha inki mwezi uliwonse, sungani ndalama zanu, profile sikuthandizani.

Mufunseni munthuyo chida chimene amayezera. Profile ya pepala imafuna spectrophotometer, monga i1Pro ya X-Rite, yowerenga timabokosi tamitundu mazanamazana, nthawi zina topitirira 1,000. Kachida kopachika pa sikirini, monga Spyder ya Datacolor kapena ka Calibrite, ndi ka sikirini basi, sikawerenga pepala. Wina akati akupangirani profile pongoyang'ana ndi maso n'kumasuntha ma slider mu driver, chimenecho si profile. Za kachida ka sikirini, ojambula anayi kapena asanu mukhoza kusonkherana ngati chipereganyu n'kumabwerekana, popeza kamafunika kamodzi pamwezi. Poyeza ikani 6500K, gamma 2.2, kuwala cha pa 100, ndipo sikirini iyambe yayaka kwa theka la ola.

Woyeza akakupatsani fayilo ya timabokosi kuti mukapulinte nokha:

- Chitani nozzle check nthawi yomweyo musanapulinte.
- Zimitsani zoyendetsa mitundu zonse, mu pulogalamu ndi mu driver momwe. Photoshop yatsopano ilibenso njira imeneyi, ndiye gwiritsani Adobe Color Printer Utility kapena pulogalamu imene woyezayo wakupatsani.
- Musakulitse kapena kuchepetsa fayiloyo, Fit to Page ikhale yozima.
- Sankhani Media Type ndi Quality zimene muzidzagwiritsa ntchito masiku onse, muzilembe kumbuyo kwa pepala ndi pensulo, pamodzi ndi dzina la inki ndi la pepala.
- Mapepalawo aume maola 24, osasanjikiza, osagwira ndi zala pamwamba.
- Ponyamula aikeni pakati pa makatoni awiri. Pepala lopindidwa m'thumba pa kabaza ndimalibweza.

Profile ikabwera, pa Windows dinani kumanja pa fayiloyo musankhe Install Profile, pa Mac iikeni mu foda ya ColorSync, Profiles, kenako tsekani Photoshop n'kuitsegulanso. Tsiku lomwelo pulintani chithunzi choyesera chija, mulembe deti kumbuyo, muchisunge mu envulopu m'dirowa mosafika dzuwa. Mukadzandiimbira kuti mitundu yasintha, ndidzakuuzani kuti mupulinte china muchiike pambali pa chimenecho, munditumizire nozzle check ya tsiku limenelo.